Jezi ya a Bizwick

Ine ndine Joice, mkazi wa malemu a Bizwick. Ndimathyola tiyi pa esiteti pano. Sukulu ndinalekera sitandade 4, ndiye muzingomva mmene ndikulankhuliramu.

Amuna anga anabadwira chakufupi ndi Muloza. Anabwera kuno mu 1997 kudzagwira ntchito kufakitale, koyanika tiyi. Anali munthu wosalankhula kwambiri. Loweruka lililonse amapita kumpira, chifukwa anali goloboyi wa timu ya esiteti. Koma goloboyi wachiwiri. Woyamba anali a Jailos, ataliatali, okondedwa ndi anthu, kungoti anali ndi phewa lovuta. Likayamba kuwawa, kapena zigoli zikachuluka iwo n'kukhumudwa, ndi pamene akochi amati, "Bizwick, vala."

Zaka khumi ndi ziwiri ndachapa jezi yawo. Masiku ambiri imabwera yoyera, ndimangoyanika kuti ichoke fungo la benchi. Ndimawaseka, "Bambo a Janeti, lero mwakalonderanso benchi?" Iwo amati, "Eya, sinabedwe." Koma ikabwera ndi dothi lofiira mpaka m'khosi, ndimadziwa kuti lero munthu wagwira ntchito.

Anamwalira mwezi wa June 2011, chifuwa. Anzawo a timu ananyamula bokosi, ndikuthokoza.

Chaka chotsatira timu inamanga kanyumba kovalira pafupi ndi galaundi, n'kunena kuti pakhoma alembapo mayina a osewera akale. Kwa agoloboyi anati akhale amene anawinitsa magemu khumi. Mwana wanga Janeti anapita kukawerenga, n'kubwera kudzandiuza. Dzina la bambo ake palibe.

Ndinapita kwa a Pilato, mlembi wa timu. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinanazi. Anatulutsa kope lawo lakuda.

"Alamu, taonani nokha. A Jailos makumi anayi ndi mphambu. A Bizwick atatu."

"Atatu bwanji, a Pilato? Zaka zonse zija?"

Anandifotokozera bwinobwino. Ati mmene amalembera kuyambira kale, kuwina kumapita kwa goloboyi amene anali pagolo pamene chigoli chowinira chimalowa. Ndiye amuna anga amalowa timu itatsogola kale, n'kutseka golo mpaka wenzulo, koma kuwinako n'kwa a Jailos. Kapena amalowa zinthu zitaipa kale, palibenso chowina.

Ndinati, "Nanga tsiku lija ku Thuchila?" Ndinaliko ine, tinapita pa lole. A Jailos anatuluka titatsogola chimodzi. Kunali chiperoni, mpira ukuterera ngati sopo. Amuna anga anagwira penate, kenaka anagwira inanso. Anabwera kunyumba chala chitatupa, sabata yathunthu ndimawamangira mabatani ndine.

A Pilato anatsegula tsambalo. "Thuchila, wani ziro. Jailos."

"Nanga atatuwo ndi ati?"

Anawerenga. Imodzi ndinaikumbukira msanga, inali ndi timu ya ku Chitakale. Tsiku limenelo analowa titatsogola, ndipo mpira wofewa unawadutsa pakati pa miyendo, ana mpaka kugubuduka ndi kuseka. Mwamwayi anzawo anagoletsa china kumapeto. Kunyumba sanadye, anangokhala kuseri kwa bafa akusenga zikhadabo. Ndiye kope likuti tsiku limenelo ndi limene anawinitsa.

"A Pilato, inu munaliko. Mukuona ngati kopeli likunena zoona?"

Anasiya mpeni. Anati, "Alamu, Bizwick anali goloboyi, palibe amene angatsutse. Koma ndikasintha kwa iye, mawa kubwera achibale a wina. Komiti inagwirizana nambala."

Anandipatsa chinanazi kuti ndikapatse mwana.

Ndinapitanso kwa a Jailos, panopa amakonza njinga. Anandimvetsera, anapukusa mutu, anati akalankhula ndi komiti. Papita miyezi isanu. Tikakumana kuchigayo amandipatsa moni wautali, kufunsa za Janeti, za chimanga, koma za khoma ayi. Inenso ndinasiya kufunsa.

Sindidziwa kuwerengera mpira. Mwina a komiti akudziwa zimene ine sindidziwa. Ndikanakhala ndi kope langa bwenzi ndikulemba masiku a matope aja, koma matope ndinawachapa ndekha, anapita ndi madzi. Ndilibe chowaonetsa.

Popita kumunda wa tiyi njira yathu imadutsa pakanyumba kaja. Penti yake ndi yobiriwira, mayina oyera. Pansi pa dzina la a Jailos pali malo, dzina lina likhoza kukwana bwinobwino. Janeti amati tizidzera njira yakumtsinje, ndiye masiku ano timadzera kumeneko ngakhale ndi kotalika.

Jezi ili m'sutikesi. Ndi yoyera.