Misozi Anakhala Mlendo Pakhomo Pawo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Nditamaliza sukulu ndinkangokhala kwathu ku Kafue Estates, kutsuka mbale ndi kukangana ndi alongo anga. Lamlungu lina Sisita Daka, namwino amene tinkaimba naye kwaya, anandikoka chitenje tikutuluka. "Iwe Tisa, uziba kuchova njinga?" Ndinati inde. "Mailo ubwele ku kiliniki." Mafunso olembera ntchito anathera pomwepo, ndipo m'mawa mwake ndinayamba.

Inali ntchito ya sikelo ya ana. Sikelo timaipachika pamtengo, mwana timamuveka kabudula wa zingwe n'kumukoloweka pa mbedza, iye akulira ngati tikumugulitsa. Kenako timatenga tepi ya pamkono, n'kuizunguliza pakati pa phewa ndi chigongono, osamangitsa komanso osalekerera. Ikaonetsa chobiriwira mwana ali bwino, chachikasu wayamba kuonda, chofiira ndiye wa kuchipatala basi. Ana a chikasu tinkawapatsa timapaketi ta chiponde chothira mkaka ndi mavitamini kuti asafike pofiira. Sisita ankabwereza mpaka makutu kuwawa: "Ichi ni cha mwana wamene tapima, osati cha nyumba yonse."

Mwezi uliwonse tinkapita kukapima ku Chanyanya, kwa asodzi. Kumeneko kunali Misozi, kamwana kongoyamba kuyenda, ka Amake Gift ogulitsa nsomba zouma. Anzake a chikasu ankanenepa tikuona, koma Misozi ayi. Mapaketi ankalandira, amake sankajomba, koma tepi inkangosendera kofiira. Tsitsi lake linayamba kufiirira, ndipo pasikelo sankaliranso. Zimenezi zinandiopsa kwambiri, chifukwa mwana wamphamvu amalira.

Sisita ankaganiza kuti bambo a Misozi amatenga mapaketiwo kukadyera m'bwato. "Yenda ukaone na menso yako," anatero. "Tikamupeza pa red mwezi wa mawa, ni ward. Ndipo uziba sibonse bamabwelako."

Ndinapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, mtima uli m'mwamba, nditakonzeka kukalipa. Ndinapeza Amake Gift akuphula phala. Sanabise kanthu. Anang'amba paketi, n'kufinyira chiponde chonse m'mbale yaikulu, n'kutakasa bwinobwino, n'kuika pamphasa. Ana onse a pakhomopo anaizungulira ndi masupuni. Akuluwo ankadya mothamanga ngati akupikisana. Misozi, supuni itagwiridwa chozondoka, anangonyambita pang'ono, mbale n'kuyera.

"Amake Gift, Misozi afunika mbale yake," ndinatero.

"Awe, ba Tisa. Pano sitidya so. Mwana wa mbale yake akula womana." Anatsitsa mawu n'kuloza ndi mlomo atsikana awiri. "Aba ni ba malemu mkulu wanga. Manje nipase wanga chabe chakudya cha shuga, beve bayangana? Bantu bazakamba ati nimana bamasiye."

Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unazirala. Mayiyu sankaba, sankanyozera. Ankagawa mofanana monga anaphunzitsidwira, ndipo kugawa komweko n'kumene kunkatha mwana wake. Ndinayesa kunena za mavitamini, za tepi, za kuchipatala. Ankangovomera ndi mutu, kuvomera kwaulemu kumene ndinadziwa kuti ndikangotembenuza njinga kuthera pomwepo. Ndinakhala pampando.

Amake Gift sanafune kuti ndichoke ndi njala. Posakhalitsa anabwera atagwada, n'kundiikira nshima ndi nsomba m'mbale zanga ndekha. Ana aja sanayang'aneko n'komwe. Ndinasuzumira mbalezo, kenako iwo.

"Nanga ine mwanipasa mbale yanga, bana sibadandaula?"

"Imwe ndimwe balendo," anayankha akuseka.

"Mulendo akadya yeka ni womana?"

"Awe!"

"Ndiye kuyamba lelo Misozi ni mulendo."

Anandiyang'ana ngati dzuwa landizunguza mutu. Ine ndinanyamula Misozi n'kumukhazika pampando wanga, ndinagwada pafumbi ndi yunifolomu yanga yoyera, ndi kuomba m'manja. "Mwayenda bwanji, ba Misozi? Kunyumba mwasiya bali bwanji?" Ana anagwa ndi phwete. Mayi woyandikana nawo, amene ankayanika nsomba, anasiya ntchito n'kusuzumira pampanda. Ndinamuitana dala kuti aone, popeza amene Amake Gift ankaopa anali anthu ngati iyeyo. Nelia, wamkulu mwa amasiye aja, anathamangira madzi n'kudzamusambitsa m'manja atagwada, nkhope itauma ngati akulandira abusa.

Ndinatulutsa paketi ina, ndinang'amba pangodya, n'kufinyira m'kambale kakang'ono popanda phala. Mlendo sathamangitsidwa pakudya. Misozi anadya pang'onopang'ono, akupumira, akuyang'ana aliyense, mpaka anamaliza ndi kunyambita chala. Amake anapukuta m'maso ndi chitenje. "Kansi amadya," anatero. Mayi wa pampanda uja anati, "Ba mulendo aba basachoke musanga, bayonda maningi."

Mwezi wotsatira tepi inali pachikasube, koma itachoka m'malire a chofiira. Nelia ndiye anali atadzipatsa udindo wa kambale kaja, ndipo Gift akatambasula dzanja ankamuthira diso. Ulendo wina ndinazunguliza tepi, ndinayang'ana, ndinamasula n'kuyambiranso poopa kuti maso akundinamiza. Chobiriwira! Ndinaimba nthungululu mpaka amayi onse pamzere anatembenuka. Titamukoloweka pa mbedza, Misozi analira mokuwa, akuponya miyendo, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

"Iwe, uzagwesa sikelo," anatero Sisita, koma nawonso mano anali pamtunda.

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri tsopano, ndipo sindipereka paketi ndisanafunse kuti kunyumba amadya bwanji, m'mbale zingati, ndani amakhala pafupi ndi mwana. Paketi imathera pakhomo, osati pakiliniki, ndipo pakhomo pali malamulo ake.

Tsiku la chobiriwira lija ndinafunsa Amake Gift ngati alendo athu akadalipo.

"Banachoka beka," anayankha akumanga mwana kumbuyo. "Dzulo analoba mu mbale ya bonse, walanda mutu wa nsomba kuli Gift. Gift ndiye analila."