Mapilitsi Amene Anayeretsa Abiti Mahmud

Abiti Mahmud, aja ankagulitsa tomato pa Ndunde, anabadwa akuda bii, kuda kosiririka. Dzina lawo linali Hidaya. Swala, pemphero la Chisilamu, sankaiphonya, ngakhale tsiku la msika.

Chaka chomwe amuna awo, Che Bakali, anapita ku Joni kukasoka zovala, mimba ya Abiti Mahmud inayamba kutupa chakumanzereku. Kuchipatala ku Blantyre anawapeza ndi khansa ya m'magazi, n'kuwapatsa mapilitsi omwa tsiku ndi tsiku. Adokotala anachenjezeratu: "Mayi, awa amalimbana ndi matendawo, koma khungu likhoza kuyera. Osasiya ayi."

Mimba ija inaphwa, mphamvu zinabwerera. Koma nkhope inayamba kuyera, khosi, mpaka manja, zikope n'kumadzuka zitatupa.

Ndiye anthu akwathu kuno mukuwadziwa. Mkazi akayera mwamuna ali ku Joni, nkhani ndi imodzi basi: wayamba mafuta oyeretsa khungu, pali amene akumudzolera. Pamsika ankachita kukuwa: "Tomato bwanji lero, azungu athu?"

Mlamu wawo Ruqaiya, mlongo wawo wa Che Bakali, anawajambula pafoni n'kutumiza ku Joni. Sipanatenge nthawi, foni inalira.

"Iwe Hidaya, ukudziyeretsera ndani?"

"Ndi mankhwala, bambo a Tatu. Zinalembedwa m'buku la kuchipatala, ndikujambulireni?"

"Buku ndilitani ine? Mankhwala anayeretsapo ndani? Ndikadzakupeza woyera pa Idi, banja latha."

Abiti Mahmud analira pamkeka wa swala mpaka misozi kuuma. Atadzuka, anatenga botolo la mapilitsi aja n'kukakhuthulira m'chimbudzi. Tsiku lobwerera kuchipatala linawapeza akuunjika tomato pamsika.

Patatha miyezi, khungu linadadi. Che Bakali anafika pa Idi ndi bulangete latsopano, mano onse pamtunda: "Eyaa, uyu ndiye mkazi wanga!" Sanaone kuti chitenje mkazi wawoyo akumangira pamwamba pa mimba yotupanso. Mvula isanagwe anawanyamula kupita nawo kuchipatala osatha kuyenda. Adokotala anangopukusa mutu, matenda anali atapita patali.

Posambitsa maliro panali amayi anayi, Ruqaiya ali pomwepo. Akuthira madzi pamkono wakuda uja, Ruqaiya anati: "Mwaona? Atangosiya zodzola zija anabwerera mwakale."

Mulungu amukhululukire, poti amatha ndi Iye yekha. Buku lija likadali m'chikwama cha malemu. Palibe analitsegulapo.