Mzere Wanga wa Thonje

Amene anandilanda sukulu ndi amalume anga, ndili sitandade 6. Lero pamsika wa Mitundu ndamva fungo la mankhwala opopera mbewu, ndakumbuka munda wawo wa thonje ku Nathenje.

Anandigawira mzere umodzi. Ndinkati ndikakolola ndigule yunifolomu, ndibwerere m'kalasi. M'masamba ake munali tizikumbu tofiira ta madontho akuda, ndipo ndinkationa tikudya nsabwe zoyamwa thonje.

Amalume anafika atabereka thanki ya mankhwala.

"Choka, iwe. Chilombo ndi chilombo."

"Timeneti si adani, amalume. Mukatipha, nsabwe zichuluka."

"Choka, ndingakupopere m'maso."

Mankhwala ankadonthera pamapazi anga, ozizira. Ndinatambasula manja kutchinga mzerewo.

"Poperani," ndinatero.