Khadi la m'kompyuta ya apongozi

Pamsewu wa amisiri, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa matchaja a foni, panali kachipinda kamene chitseko chake sichinkatseguka chonse chifukwa kuseri kwake kunali mulu wa makompyuta akufa. M'menemo ndi momwe munkagwira ntchito bambo wina amene anthu ankamutchula kuti Bwerani Mawa. Dzinali analipata chifukwa cha pakamwa pake. Munthu akabweretsa kompyuta, kaya yangothothoka batani limodzi, yankho linali lomwelo. Koma tsikulo likakwana, chinthu chinkayakadi, ndiye anthu ankamunyogodola uku akubwererabe.

Anayamba ndi mawailesi ali wachinyamata, n'kupita ku ma TV, mpaka anafika pa makompyuta. Zala zake zinali ndi zipsera za kachitsulo kowotcherera mawaya. Chimene ankanyadira kwambiri n'chakuti sanali ngati amisiri ena amene amazula zabwino m'katundu wa munthu n'kuikamo zakutha. Ankatero pagulu, akudzimenya pachifuwa.

Apongozi ake aamuna anayendetsa mathiraki zaka makumi atatu. Matenda a shuga atawatsitsa pampando, akazi awo atatsogolanso, anabwera kudzakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mwana wawo wamkazi, mkazi wa Bwerani Mawa, yemwe ankagulitsa mankhwala mufamase. Mlamu wake wa Bwerani Mawa, popita kukagwira ntchito kunja, anawasiyira bambo akewo kompyuta yake yakale ya magemu, pamodzi ndi chiwongolero chomangirira patebulo ndi mapedulo opondera pansi. Munali gemu imodzi yoyendetsa thiraki. Poyamba mkuluyo anaiseka kuti ndi zidole. Patapita mwezi, ankadzuka, kusamba, kuvala shati yosita ndi nsapato, n'kukhala pachiwongolero ngati walembedwanso ntchito. Ankabweza ngolo yaitali m'kampata kopapatiza popanda kukhudza chilichonse, akamaliza n'kuitana aliyense amene ali pafupi kuti adzaone.

Tsiku lina kompyutayo inayamba kulira ngati chigayo. Bwerani Mawa anainyamula kupita nayo kushopu kuti akaipukute fumbi. Ili chitsegulire pabenchi, kunalowa kasitomala wake wakale, wojambula mavidiyo a maukwati, thukuta lili kamukamu. Khadi la zithunzi la m'kompyuta yake linali litapsa, ndipo eni ukwati ankafuna vidiyo yawo Loweruka. Khadi la zithunzi ndi kachipangizo kamene kamajambula zonse zooneka pasikirini. Likakhala lofooka, zithunzi zimayenda motsimphina.

Pashelefu panalibe khadi loyenera. Maso a Bwerani Mawa anagwera pa la apongozi.

"Sabata imodzi yokha," anadziuza. "Mkulu uja amangoyendetsa galimoto pamsewu wowongoka. Sangadziwe."

Anazula khadilo n'kupatsa wojambula uja. M'malo mwake anatola kakhadi kakale m'katoni ya zotsalira, n'kukalowetsa. Kenako anatsitsa zonse za mugemu kuti kakhadiko kakwanitse: mithunzi anachotsa, mitengo inasanduka zibuluma, zikwangwani za pamsewu zinachita chimbuuzi. Madzulo anakaibweza kompyuta ili mbee.

Sabata inatha. Wojambula uja anati khadilo walikonda, analipira bwino, ndipo Bwerani Mawa sanakane. Ankati agulira apongozi lina mwezi ukatha. Mwezi unatha, wina n'kuthanso. Paja zengerezu analinda kwawukwawu.

Chimene sanachiganizire n'chakuti mkuluyo sangakayikire makina. Kwa iwo, chinthu chochokera m'manja mwa mkamwini chinali chabwinobwino. Ndiye thiraki itayamba kuchedwa kumva chiwongolero, anakayikira manja awo. Akakhota, galimoto inkakhota mochedwa, chithunzi n'kuima pang'ono, pobwerera ali kale m'ngalande. Zikwangwani sankatha kuziwerenga. Ngolo imene ankailowetsa kamodzi tsopano inkagunda khoma kanayi.

"Bambo aja sali bwino," mkazi wake anamuuza m'mawa wina akupesa tsitsi. "Akuti maso achita nkhungu, ndiponso mutu ukumachedwa kuuza manja zochita. Shuga ameneyu atimaliza. Ndapempha tchuthi Lachitatu, ndipita nawo kuchipatala."

Bwerani Mawa anali akumanga zingwe za nsapato. Anazimanga, n'kumasula, n'kumanganso. 

"Pitani nawoni," anatero.

Kuchipatala anawayeza maso, anawatenga magazi, anawauza kuti agwire mphuno ndi chala atatsinzina. Dokotala sanapeze chachilendo, koma anawalembera magalasi atsopano. Magalasiwo sanathandize. Mkuluyo anamasula chiwongolero patebulo, n'kuchikulunga m'thaulo lakale, n'kuchiika pansi pa bedi. Shati yosita ija anasiya kuvala. Anasiyanso kuwoloka msewu okha kupita kokameta, ati munthu amene sangayeze liwiro la galimoto ya pasikirini angayeze bwanji yeniyeni. Ankangokhala pakhomo la chipinda chawo, manja ali pamaondo.

Tsiku lina Bwerani Mawa akudutsa, anamuitana.

"Akamwini, kompyuta ija mukaigulitse. Ikungodya malo. Ine yanga yatha, mutu wagwa."

"Ayi bambo, musatero. Mwina ndi makinawo."

"Makina? Si munawakonza inu nomwe? Musandinyengerere ngati mwana. Ndaona anzanga akutha chonchi. Zimayamba pang'onopang'ono."

Tsiku limenelo kushopu sanagwire ntchito yooneka. Sikulu yomangira bokosi la kompyuta inkamupulumuka m'manja. Wosoka nsapato atamufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta, anangopukusa mutu. Anaimbira wojambula mavidiyo kuti abweze khadi lija, koma uja anati anagulitsa kalekale kompyuta yonse.

M'mawa mwake, apongozi ali kosamba, analowa m'chipinda chawo ndi tepi yoyezera. Anatsegula bokosi la kompyuta n'kuyeza malo kuchokera kumbuyo kufika pamene pamakhala madisiki. Anawerenga kapepala komatidwa pa kabokosi kogawa magetsi, kamene amisiri amati pawa sapulayi: mawati 350 basi, ndipo panalibe nthambo yapadera yopatsira khadi moto. Anayang'ananso kumbuyo kwa sikirini. Inali ya pulagi yabuluu yachikale ija. Zonsezi, pamodzi ndi dzina la pulosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, anazilemba kuseri kwa lisiti.

Anakwera masitepe a nyumba ya masitolo kupita kwa mayi wina wogulitsa masipeya, amene anadziwana naye kwa zaka zambiri. Mayiyo anali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo magalasi ake ankakhala pamphumi nthawi zonse. Bwerani Mawa analoza khadi lalikulu m'kabati yagalasi, la mafani atatu, lonyezimira ngati galimoto ya bwana.

"Ndipatseni ilo."

"Mukaika muti?"

Anawapatsa kalisiti kaja. Mayiyo anatsitsa magalasi, n'kuwerenga, n'kumuyang'ana.

"Achimwene, mwadwala? Inu ndi amene mumaphunzitsa anthu zimenezi. Khadi ili latalika kuposa bokosi lanulo ndi zala zinayi. Likufuna nthambo ziwiri za moto, inu mulibe ndi imodzi yomwe. Mukangoyatsa, pawa sapulayi yanuyo ifuka utsi. Ndipo ngakhale mutasintha zonsezo, pulosesa ya kompyuta imeneyi ndi yokalamba, singalithamangire. Mukufuna kumanga injini ya thiraki panjinga?"

"Ndikufuna labwino kwambiri. Ndi la apongozi."

"Ehe. Mukugula khadi kapena mukulipira mlandu?"

Bwerani Mawa anayang'ana pansi. Mayiyo sanafunsenso. Anatulutsa makhadi awiri n'kuwaika pakauntala. Loyamba linali logwiritsidwapo kale ntchito, lamphamvu ndithu, koma Bwerani Mawa atazunguza fani yake ndi chala inalira kwekwerere, ndipo kunsi kwake kunali banga lofiirira la kutentha. Analikankhira pambali. Sakanatha kuikanso chinthu chokayikitsa m'kompyuta imeneyo. Lachiwiri linali lalifupi, la fani imodzi, losafuna nthambo yapadera chifukwa moto limatenga pomwe lalowapo. Analiyeza ndi tepi. Linkakwana, n'kutsalako malo.

"Silooneka bwino," anadandaula.

"Apongozi anuwo azikagona m'kati mwa bokosi kuti aziliona? Limeneli ndiye loyenera kompyuta yanuyi. Tenganinso aka," anaponya kachingwe kakafupi pakauntala, "kolumikizira sikirini yanu ya makolo ija, chifukwa makhadi a masiku ano alibe bowo labuluu. Mukanafika kunyumba n'kuyamba kundiimbira."

M'basi pobwerera anakonza bodza labwino. Ankati akawauza kuti wapeza kachilombo m'kompyuta, kapena kuti mbali ina inatopa yokha. Mkuluyo akanasangalala, mkazi wake akanamuyamikira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anafika dzuwa lili pamutu, mkazi wake ali kuntchito. Anapempha apongozi kuti amulole ayese kanthu kena. Mkuluyo anakhala pabedi n'kumaonerera. Bwerani Mawa anazula kakhadi kakale kaja mofulumira n'kukabisa m'thumba la jekete, n'kulowetsa latsopano mpaka linalira kuti khwa. Anamanga sikulu, analumikiza kachingwe, anayatsa. Ataika mapulogalamu ake, anabwezera zonse zimene anatsitsa mugemu. Mitengo inamera masamba. Zikwangwani zinawala.

Anasolola chiwongolero pansi pa bedi n'kuchimanga patebulo.

"Tayesani, bambo."

"Mukufuna mundiseke?"

"Kamodzi kokha."

Anakhala pampando monyinyirika, ali ndi masilipasi. Analiza injini, anatulutsa thiraki pageti pang'onopang'ono ngati wophunzira. Pakona yoyamba anakhota, galimoto n'kumva nthawi yomweyo. Anawerenga chikwangwani mokweza mawu. Anaonjezera moto. Anapitirira basi ina, anatsika chitunda, anakhota kawiri. Mapewa awo amene anagwa miyezi yonseyi anayamba kukwera.

Kenako anayatsa indiketa, n'kupatukira m'mbali mwa msewu, n'kukoka buleki. Anazimitsa injini monga ankachitira pa thiraki yeniyeni. Sanatembenuke.

"Ndiye kuti sindinali ineyo?"

Bodza lija linali lokonzeka pa lilime. Koma Bwerani Mawa anaona magalasi atsopano aja ali pamphuno pa mkuluyo, magalasi amene sankafunikira n'komwe. Anapisa m'thumba, natulutsa kakhadi kakale, n'kukaika patebulo pafupi ndi dzanja lawo. Anagwada pasimenti.

"Simunali inu, bambo. Ndine. Tsiku lija ndinatenga kompyuta, ndinachotsamo khadi lanu n'kupatsa kasitomala. Ndinaikamo aka. Ndinkati ndibweza pakatha sabata."

"Pamene mwana wanga ankanditengera kuchipatala, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene ndinkakuuzani kuti mutu wanga wagwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

Mkuluyo ananyamula kakhadiko n'kukatembenuza uku ndi uku. 

"Khadilo mukanangondipempha, ndikanakupatsani," anatero. "Ndimadya kwanu, ndimagona kwanu. Koma miyezi isanu, akamwini. Miyezi isanu ndakhala ndikudzikumbira manda ndekha. Ndinafika polembera mlamu wanu kalata yomuuza kumene kuli mapepala anga. Inu mukudutsa apa m'mawa uliwonse, 'mwadzuka bwanji bambo.'"

Bwerani Mawa anakhalabe chigwadire. Maondo ankamupweteka koma sanasunthe.

"Dzukani, pansipo mpozizira. Mwana wanga mumuuze nokha. Ine sindinena, komanso sindikubisirani."

Bwerani Mawa anamuuza mkazi wake madzulo omwewo, mkaziyo asanavule n'komwe yunifolomu ya kuntchito. Mkaziyo sanakalipe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ine ndinkalirira m'bafa la kuntchito, kuopa kuti bambo anga ayamba kuiwala dzina langa." Kwa masabata awiri ankamuyankha ndi mawu amodziamodzi. Kushopu, kasitomala wina atayamba kudandaula za amisiri akuba, akuyembekezera kuti Bwerani Mawa adzimenya pachifuwa monga mwa masiku onse, iye anangowerama n'kupitiriza kumasula sikulu.

Apongozi anayambiranso kuyendetsa, ngakhale si tsiku lililonse. Mantha aja sanachoke limodzi ndi khadi lakale. Akalakwitsa pang'ono, ankasiya chiwongolero n'kuyang'anitsitsa manja awo. Kokameta ankapitabe ndi woperekeza.

Lamlungu lina masana anamuitana mkamwini wawo, n'kumulozera mpando umene anauika pambali pa wawo.

"Khalani apa. Ndikufuna kubweza ngolo iyi. Inu muziyang'ana makina anuwo, muziyang'ananso ine. Tsiku limene mudzaone kuti wochedwa ndine, mudzandiuze tsiku lomwelo. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Musadzandimvere chisoni. Mudzangonena."

Bwerani Mawa anakhala pansi, manja ali pakati pa maondo. Mkuluyo analowetsa giya yobwerera m'mbuyo, n'kuyang'ana pagalasi lakumanzere. Ngolo inayamba kulowa, inapendekera pang'ono kukhoma, iwo n'kuiwongola.