Mapiritsi Amene Msuweni Wanga Analavula

Ndimaikumbukirabe ndodo ija. Inali yaitali kuposa aphunzitsi athu, yopakidwa utoto m'zigawozigawo, ndipo azaumoyo anaiimika pakhoma la Sitandade 4. Mwana aliyense ankatsamira pamenepo, ndipo pomwe mutu wake walekezera ndi pomwe pankasonyeza kuchuluka kwa mapiritsi a likodzo oti amwe. Ine ndinali wamtali. Anandipatsa atatu.

Inali nyengo yoingitsa mbalame m'mpunga, kwathu kufupi ndi Chia. Tikaweruka tinkaswera m'dambo, madzi ali m'mawondo, matope akununkha, tikumenya zitini mpaka manja kuchita dzanzi. Kukodza magazi sichinali chachilendo. Anyamata ankachita kunyadira.

Dzulo lake la tsiku la mapiritsilo, aphunzitsi anali atanena mobwerezabwereza kuti, "Aliyense abwere atadya. Mankhwala awa safuna m'mimba mopanda kanthu." M'mawa amayi anandiikira chinangwa chophika m'mbale, koma ine ndinkafuna kukakhala woyamba pamzere. Ndinangochivundikira n'kuthamanga.

Mapiritsiwo anali akuluakulu, owawa mpaka kukhosi. Pasanathe ola, bolodi linayamba kuzungulira. Ndinasanzira yunifolomu yanga n'kugwa. Ndinatsitsimuka ndili pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi akundikupiza ndi kope. Atandifunsa ngati ndinadya, ndinati inde. Bodzalo linatuluka mosavuta, ndipo kumasuka kwakeko ndi kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero.

Ana a makalasi aang'ono anali oti amwa mawa lake. Masana amenewo kumpunga anandizungulira. Ine, amene panalibe ankandifunsa kanthu, ndinasanduka dokotala. Ndinawafotokozera mmene m'maso munachitira mdima, ndinathirako ndi mchere, kuti ndinangotsala pang'ono kufa. Wina akafuna kutsutsa ndinkamudula ndi mawu amodzi: "Ine ndamwa, ndikudziwa." Za chinangwa sindinatchule.

Pakati pawo panali msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, wa Sitandade 2. Ankanditsatira kulikonse, ndipo ngakhale mpango ankamanga mmene ndinkamangira ine. Ndinamuphunzitsa kubisa mapiritsi m'tsaya, kumeza madzi okha, kenako kukalavula kuseri kwa chimbudzi. Anachitadi, pamodzi ndi anzake angapo. Anabwera kudzandiuza akumwetulira ngati wakhoza mayeso.

Amayi anali atapeza chinangwa chija chili chivundikirire. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye chakugwetsa ndi mankhwala kapena mbale iyi?" Iwo sanadziwe zimene ndinkalalikira kudambo, ndipo ine sindinabwerere kukawongola. Kuulula kukanandilanda udokotala wanga.

Chaka chotsatira ndodo ija itabweranso, ndinadya bwinobwino, ndinamwa, osamva chilichonse. Koma sindinauze aliyense. Msuweni analavulanso, ndipo anapitiriza chaka ndi chaka mpaka anasiya sukulu. Akadandaula za m'chinena, amalume ankangoti, "N'za anthu okhala kumadzi izi, zimatha zokha." Ine ndinkamva, n'kupeza chochita panja.

Msuweni anakwatiwa ku Liwaladzi. Anakhala zaka zisanu osaona mwana, ndipo kuchipatala anamuuza kuti likodzo linakhalitsa m'thupi n'kumuwononga m'kati. Banja linatha. Sindingalumbire kuti akanameza mapiritsi aja zonse zikanayenda bwino, chifukwa m'dambo tinkabwereramo tsiku ndi tsiku. Koma ndikudziwa amene anamuletsa kumeza.

Ndinapita kukamuona atabwerera kwa amalume. Ndinamupeza akuyanika usipa pathandala. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa mbale ija. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito, kenako anati, "Asuweni, munali mwana. Komanso munagwadi. Ndinakuonani ndi maso angawa." Anandipatsa usipa wa m'kathumba woti ndinyamule. Akanandikalipira, mwina ndikanapepukidwa.

Ndinagwadi, n'zoona. Kamtsikana kotalika miyendo kaja, kamene ndinali ine, kankaganiza kuti poti zinakachitikira, ndiye kuti kakudziwa. Sikakanamvetsa kuti munthu angathe kunena zimene zinamuchitikiradi n'kukhala akunamabe. Sikakanamvetsanso kuti chizungulire chake chinatha tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, koma panali mwana wina, wamfupi kuposa iko, amene anamva mawu ake n'kuwasunga moyo wake wonse.