Jekete la wosoka nsapato

Sikisi koloko inakwana mayi ake a wosoka nsapato ali kale pabeseni, akufinya bulangete la mwana wawo. Zaka zinayi zimene iye anali kundende ankalichapa mwezi uliwonse, ngakhale panalibe wolifunda. Tsopano mwini wake anali atabwera, lili tsiku lachisanu chitulukireni.

Kale bamboyu ankakhala pakhonde la sitolo ya pakona, timisomali tili pakamwa, akung'ung'udza nyimbo. Ana athu onse anapita kusukulu ndi nsapato zodutsa m'manja mwake, ndipo za amasiye ankangosoka osanena kanthu. Ankatiseka kuti timamubweretsera maliro, osati nsapato.

Kenako anagwa panjinga yamoto, msana n'kuvulala. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi amphamvu opha ululu. Ululu unatha, koma mapiritsi sanamusiye. Anayamba kugula mobisa, kenako kugulitsa, mpaka apolisi anadzamutenga pakhonde pomwepo.

Mayi ake anasunga chipinda momwe anachisiyira. Zonse ankachapa, kupatula jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Ankati likununkhira iye, guluu ndi chikopa, ndipo sanapisemo dzanja ngakhale kamodzi.

M'mawa umenewo, mayi ake ali kalikiliki kuyanika, wosoka nsapatoyo anabwera kwanga atapana jekete lija kukhwapa. Mpando anaukana. Anandiuza kuti m'thumba lamkati muli mapiritsi amene anasiya tsiku lomangidwa. Anati mnzake wa m'selo anatuluka chaka chatha, n'kumwa ochuluka ngati mmene ankamwera kale, osadziwa kuti thupi linaiwala. Anamupeza atagona, osapuma, sabata isanathe chitulukireni. Wosoka nsapatoyo dzulo lake anali atawatulutsa mapiritsiwo kawiri m'thumbamo n'kuwabwezera.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanangowataya m'chimbudzi. Anaseka pang'ono, kuseka kwakale kuja, n'kunena kuti dzanja lake salikhulupirira: likhoza kutaya asanu n'kubisa awiri.

Anandipatsa jeketelo ndi manja awiri.

"Aneba, amayi musawauze, angadziimbe mlandu. Mapiritsiwo mukapereke kwa anesi, jeketelo mudzandibwezere lopanda kanthu. Komanso masabata ano, mukamapita kumpope, muzigogoda pawindo langa. Ndikapanda kuyankha musachite ulemu. Lowani, mundigwedeze, muitane anthu."