Phala la Chinangwa m'Chikhakha cha Amayi

Chikhakha cha amayi chinayambira pabondo n'kulekezera kuzala. Chinabwera choyera mbee, koma pofika mwezi wachitatu chinali chitada ndi fumbi la ku Bangwe, chikununkha ngati nsanza yonyowa. Minibasi inawagunda pasiteji akuchokera kogula ulusi. Mashini awo osokera, amene ankatidyetsa, anangokhala pakhonde atafunditsidwa chitenje, poti mwendo wopondera unali womwewo.

Ndinali mu Sitandade 3. Amalume ndiwo ankawaperekeza kuchipatala, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi mawu amodzimodzi: "Fupa silikugwirana, pakati pali mpata." Kenaka akuluakulu anayamba kukalankhulira kuseri kwa nyumba, koma mawu oti "kudula" ndinawamva.

Teremu imeneyo aphunzitsi anatisonyeza kumata mapepala ndi phala la ufa wa chinangwa. Likauma, pepala linkang'ambika pena paliponse koma osati pomatapo. Nzeru za mwana sizichedwa kupsa. Masana ena amayi atagona pamphasa, ndinaphika phalalo m'chitini, kuliuzira mpaka kuzizira, n'kumalitsanulira ndi supuni m'chikhakha, kuti litsike likapeze mpatawo. Ndinatero masiku anayi. Tsiku lachisanu mphasa yonse inali nyerere zokhazokha.

Amalume anandithira mbama imodzi. Sabata yotsatira amayi anapita kuchipatala, ndipo anabwerako ndi ndodo ziwiri, chitenje chikungolendewera mbali imodzi. Palibe anandifotokozera, choncho mlandu ndinadzizenga ndekha: mwendo wa amayi ndauwoletsa ndine. Ndinakula nacho chisoni chimenecho, osauza munthu.

Lero ndimagwira ntchito mulabu ya kafukufuku wa zachipatala. Timayesa kupanga timasiponji kuchokera ku ufa wa zomera ndi zikamba za nkhanu, toti tiziikidwa mumpata kuti fupa latsopano lipeze poyanga. Sitinafike patali. Anzanga amaseka ndikawauza kuti ine ndinayambira pa supuni, ndipo ndimawasiya aseke.

Ndinadzaulula kwa amayi ndili kale ndi mwana wanga. Iwo anandiyankha kuti:

"Iwe umayesa ndinali m'tulo? Adokotala anali atapereka kale deti lodula mwendowo. Ndinangoti mwanayu achiteko mbali yake."

Masana anayi aja ndinkaona madzi akutsika m'mbali mwa maso awo otseka, kulowera m'khutu. Ndinkawapukuta pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse, ndikuganiza kuti ndi thukuta la mu Okotobala.